Ukonde wa Husseini Wakana Kumira

Husseini, msodzi wa ku Amaramba, anali ndi ukonde umodzi wokha, ndipo ng'ona inaung'amba pakati Lachiwiri. Kunyumba kunali ana asanu, onse odya ngati akulipidwa.

Sabata yomweyo kunabwera mphwake Shakila, amene ankaphunzira za magetsi ku Nampula. Anatulutsa m'chikwama kankhata ka waya wakuda, wowonda kuposa tsitsi.

"Amalume, uyu ndi wa tinthu ta makala tosaoneka ndi maso," anatero Shakila. "Adzayendetsa magetsi m'ndege ndi m'magalimoto, poti mkuwa umalemera. Musaukhudze, chonde."

Husseini anagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima anali atagamula kale: ulusi ndi ulusi. Msodzi salola chingwe kugona m'chikwama ukonde uli pululu. Mtsikanayo atangokwera minibasi ya chapa kupita ku Insaca, iye anatenga singano yake yansungwi n'kusoka bowo lonse, mfundo zake zokongola zedi.

M'mawa anapalasa mpaka pakati pa nyanja n'kuponya. Ukonde sunamire. Unangoima pamwamba pa madzi, kufika m'chiuno mwa munthu, ukugwedezeka. Husseini anachita zimene msodzi aliyense amachita ukonde ukapepuka: anamangirira miyala. Miyala nayo inakwera. Anawonjeza unyolo wa njinga, nawonso unakwera. Posakhalitsa ukonde unali utakola akakowa asanu ndi awiri ndi bakha mmodzi wodabwa, nsomba zili pansi pa bwato kuonerera.

Apa mantha anamugwira, chifukwa ukonde unali kukwerabe, iye atagwira chingwe chake, ndipo mphuno ya bwato inali itayamba kudzuka.

Shakila, atabwerako ku Insaca n'kupeza waya mulibe m'chikwama, anafika pagombe akuthamanga, nsapato m'manja.

"Amalume, tayani chingwecho! Waya wa ndege ameneyo, sadziwa madzi!"

"Ndikataya, ana adya chiyani?" anakuwa Husseini.

"Tikagula ukonde wina ku loja, kusitolo!"

"Iwe, ukonde sagula ngati sabão wochapira zovala!"

Husseini anazengereza kamphindi, n'zoona. Anayang'ana gombe, anayang'ana mudzi, anaona mkazi wake Saumu ataima pakhomo ndi beseni lopanda kanthu. Kenako anakulunga chingwe padzanja kawiri n'kumanga mfundo.

Bwato linatsala lokha pamadzi. Anthu a ku Chiuta amati Husseini anadutsa pamwamba pa minda yawo ya chinangwa chakumasana, miyendo ili lendelende, akufuula kuti wina akauze Saumu asataye mtima, akubwera ndi ndiwo.