Mandala a ku Joni

"Joni ndafika, Halale ndadutsa," ankatero Goliati pamsika wa Nsipe. "Mkazi wanga sangavutike ine ndili moyo!" Munthuyo anabwereradi kumigodi ndi njinga, malata ndi mandala onyezimira.

Mu 1954 mkazi wake Janeti analephera kubereka yekha. Dokotala wa pamishoni anamung'amba pamimba, mwana natuluka wamoyo. Patangopita masiku asanu Goliati anamutulutsa Janeti m'chipatala, anamwino akuletsa.

"Bala ndi bala basi," anatero. "Kumgodi tinkamanga tokha."

Tsiku lachiwiri ali kumudzi, Janeti anadzuka mutu ukuwawa koopsa, nkhope ndi mapazi zitatupa.

"Bambo ake mwana, tsegulani chitseko, muli mdima muno."

"Chitseko n'chotsegula, dzuwa lili pamutu!"

"Ndiye ine sindikuona. Mwanayu ndikungomumva kulira."

Goliati anatulutsa mandala aja namuveka. "Awa ndi a m'sitolo yaikulu ya ku Joni. Nanga tsopano?"

"Mdima womwewo."

Apo panalowa Esnath, mnansi wawo amene anagwirapo ntchito kuchipinda cha amayi obereka.

"Chotsani zidole zanuzo, a Goliati. Maso awa alibe vuto. Magazi ndiwo akuthamanga kwambiri mpaka kupanikiza bongo. Mukachedwa ayamba kuphupha ngati wakhunyu, mwanayu akula wopanda mayi. Panjinga sangakhale." Anatembenukira kwa mwamuna wake Yoramu. "Bambo a Eliza, bweretsani machila!"

Goliati anasenza kutsogolo, Yoramu kumbuyo, Esnath atabereka khandalo kumsana. Anayenda mitunda isanu ndi inayi, zitunda zokhazokha. Dzanja la Janeti litayamba kunjenjemera, mkulu wa ku Joni uja anathamanga ngati mnyamata.

Kuchipatala anamuyeza magazi ndi lamba wa pamkono, anamubaya jakisoni, namugoneka m'chipinda chopanda phokoso. Tsiku lachitatu Janeti anayang'anitsitsa mwana wake, kenako mwamuna wake, amene anali atavala mandala aja.

"Vulani mandalawo, mukuoneka ngati kadzidzi."

Goliati anaseka mpaka misozi. Kudzitama sanaleke, anangosintha nyimbo. Pamsika, patchalitchi, paliponse ankalengeza: "Mverani ine woyenda! Mayi wong'ambidwa asatuluke m'chipatala anamwino asanalole. Akabwera kumudzi n'kumva mutu waukulu, kutupa, kuona chimbuuzi kapena kunjenjemera, musadikire mawa. Mubwezeni kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafulumira, maso amabwerera."

Chaka chotsatira Eliza, mwana wa Yoramu, anadandaula mutu womwewo atangobereka. Esnath asanatsirize kuitana, Goliati anali kale pakhomo ndi machila. Anafika naye kuchipatala asanaphuphe n'komwe, ndipo anachira.

Pakhonde la chipatala Goliati anasisita phewa nati, "A Yoramu, munandikongoza mitunda isanu ndi inayi. Lero ndabweza isanu ndi inayi, osaperewera phazi."