Masamba a Bambo Potiphar Ankapita Kuti?

"Ndiye mukuti amamaliza onse?"

"Onse. Kontena imabwera yoyera ngati wina watsuka kale."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, alangizi. Milungu itatu tsopano. Eni ake ndi awa, afunseni."

"Nanga makilogalamu awiri owonjezerawa achokera kuti?"

Amene ankafunsa anali Mayi Duwa, mlangizi wa zaumoyo pachipatala china chaching'ono ku Chileka. Amene ankayankha anali a Lois. Mwini wake wa makilogalamuwo, amuna awo a Potiphar, anali chiimire pasikelo. Anali atavula kale nsapato, lamba ndi chipewa. Anatulutsanso foni ndi makiyi m'thumba. Sikelo sinasinthe maganizo.

"Sikelo iyi ndi yakufa," anatero a Potiphar.

"Yayeza anthu khumi ndi anayi m'mawa uno," Mayi Duwa anayankha. "Yafa itaona inu?"

A Potiphar anali mlonda pakampani ina yosunga katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Chaka chilichonse alonda ankayezedwa m'thupi asanasaine kontirakiti yatsopano. Chaka chimenecho dokotala wa kampani anapeza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, komanso mimba inali itayamba kufika pageti eni ake asanafike. Anawapatsa miyezi itatu. BP ikatsika, ntchito ipitirira. Ikapanda kutsika, abweze yunifomu. Kuchipatala anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti achepetse mchere, mafuta ndi nsima, koma achulukitse ndiwo zamasamba.

Pamasambapo ndi pamene panali nkhani. A Potiphar ankadana nawo kuyambira ali mwana, ndipo anali ndi chiphunzitso chawo. "Mulungu anapatsa mbuzi masamba," ankatero, "ife anatipatsa mbuzi."

Koma a Lois sanali munthu wochita naye masewera. M'mawa uliwonse ankaika mtanda umodzi wa nsima ndi mulu wa masamba m'kontena yobiriwira, n'kuimangirira okha pakaliyala wa njinga. Madzulo kontena inkabwera ili mbuu.

Mayi Duwa anatseka buku la kuchipatala la a Potiphar. "Pano tili ndi zinthu zitatu," anatero. "Kontena yoyera, mayi wosanama, ndi bambo amene akunenepa. Zitatuzi sizingagwirizane popanda wachinayi. Loweruka ndibwera kwanu."

Loweruka a Potiphar sankapita kuntchito. Mayi Duwa anawapeza pakhonde cha m'ma teni koloko, akupukuta njinga. Moni asanathe, kunamveka phokoso kumpanda. Anali aneba awo, a Japhet, atagwira chingwe cha mbuzi. Zinali zovuta kudziwa amene ankakoka mnzake. Mbuziyo inadutsa a Lois, inadutsa mlendo, n'kukaika miyendo yakutsogolo pamawondo a a Potiphar ngati mwana amene bambo ake abwera kuchokera ku Joni.

"Choka! Choka iwe!" anatero a Potiphar, maso ali kumbali. "Sindikudziwa ine."

"Aneba, ndiuzeni zoona," anatero a Japhet akupuma mwawefuwefu. "Mbuzi yangayi mwaidyetsa mankhwala anji? Ikangomva belu la njinga yanu m'mawa, imazula chikhomo. Lero simunadutse, ndiye yabwera yokha kudzakufunani. Koma sindikudandaula ayi. Taonani mmene yanonera. Mwezi watha ndinapita nayo kumsika wa Lirangwe, anthu ankandifunsa ngati ndi galu."

Mayi Duwa anayang'ana mbuzi, anayang'ana a Potiphar. "Amake Luso, tabweretsani kontena ija."

A Lois anaibweretsa. Mayi Duwa anangotsegula chivindikiro kuti pho! Mbuzi inasiya mawondo a a Potiphar n'kulowetsa mutu wonse m'kontena yopanda kanthuyo.

"Wachinayi uja ndi ameneyu," anatero Mayi Duwa.

A Lois anaika manja m'chiuno.

"Abambo ake a Luso. Milungu itatu ine ndikuyamika Mulungu kuti mwasintha, osadziwa kuti wotsuka kontena ndi lilime la mbuzi?"

"Ndimaitsukanso pampopi wa kuntchito," anatero a Potiphar. "Ndi sopo."

"Ndiye masana mumadya chiyani?"

"Pali chiwaya pafupi ndi siteji ya maminibasi. Kachipisi chabe. Ndi kanyama koperekezera."

"Kanyama kangati?"

"Munthu akamadya sawerenga."

A Japhet anaseka mpaka kugwira mpanda. A Lois sanaseke. Anakhala pansi, mawu awo n'kutsika. "Mukaichotsedwa ntchitoyi, mwana wathu Luso amaliza bwanji Folomu 4? Mukagwa pageti paja, ine ndidzati chiyani? Kuti masamba inkadya ndi mbuzi?"

A Potiphar anazyolika.

Mayi Duwa sanakalipire munthu. "Mlandu wa abambo waoneka," anatero. "Koma munthu sagawira mbuzi chakudya chokoma. Amake Luso, ndionetseni mmene mumaphikira."

A Lois anakoleza mbaula. Anatenga mpiru n'kuudula tizidutswa, kenako anautsuka kawiri n'kuufinya mpaka madzi obiriwira onse anatayikira pansi. Anauika mumphika wodzaza madzi, n'kuthiramo soda.

"Tomato?" Mayi Duwa anafunsa.

"Ayi. Ali pa dayeti."

"Anyezi?"

"Ali pa dayeti, alangizi. Munanena nokha kuti tichepetse. Ine ndinachotsa zonse kuti achire msanga."

"Ndiye uwira mpaka liti?"

"Ola lathunthu. Amayi kwathu ku Lirangwe anandilangiza kuti masamba akakhala obiriwira ndiye kuti sanapse. Mkazi wopatsa mwamuna ndiwo zolira m'kamwa amabwezedwa kwawo kuti akalangizidwenso."

Sanadikire ola, chifukwa m'nyumba munali otsala a dzulo. A Lois anawabweretsa m'mbale. Anali ndi mtundu wa bulangete lakale, ndipo ukapendeketsa mbale ankayenda okha.

"Inuyo mumadya amenewa?" Mayi Duwa anafunsa.

"Ine sindili pa dayeti."

"Talawani."

A Lois analawa. Anayesetsa kuti nkhope isanene kanthu, koma nkhope inanena. Anameza movutikira, n'kupempha madzi.

"Mwaona?" anatero a Potiphar, atapeza mphamvu. "Mbuzi ija ndi yolimba mtima."

"Inu khalani chete, mlandu wanu sunathe," anatero Mayi Duwa. "Tandiuzani, pachiwaya paja, pamwamba pa chipisi amaikapo chiyani?"

Nkhope ya a Potiphar inawala. "Saladi! Iii, alangizi, munthu uja amadziwa. Kabichi wodula bwino ngati ulusi, tomato, anyezi, katsabola, ndi kavinega pamwamba. Ukatafuna zimalira kuti khirichi khirichi. Ine ndimamuuza kuti awonjezere kawiri. Popanda saladi chipisi sindigula."

"Kabichi ndi chiyani?"

"Kabichi ndi saladi."

"Amamera pamsana pa nkhumba?"

"Amamera kudimba. Koma wa pachiwaya ndi wina."

"Ndi yemweyo, aneba," anatero a Japhet. "Amagula kwa alamu anga ku Kuntaja."

Mayi Duwa anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye nkhani yatha. Bambo awa sadana ndi masamba. Akhala akuwadya masana aliwonse, n'kumapempha owonjezera. Chimene amadana nacho ndi masamba ophedwa kawiri. Pakamwa pawo pamafuna zolira, zowawasa ndi zoyabwa pang'ono. Tiyambire pamenepo."

Anapempha mpiru wina. Anautsuka usanadulidwe, n'kufotokoza kuti ukautsuka utadula kale, zofunika m'thupi zimapita ndi madzi. Anaika kasupuni kamodzi ka mafuta mupoto, anakazinga anyezi ndi adyo, anaikamo tomato awiri, kenako mpiru ndi madzi osakwana theka la kapu.

"Soda?" anafunsa a Lois, atagwira kale kapepala ka soda.

"Mubwezereni. Soda amafewetsa masamba, koma amapha mavitamini. Komanso kwa munthu wa BP, soda ndi mchere ndi pachibale."

Patangotha mphindi zochepa anaphula. Mpiru unali wobiriwira ngati uli kudimba. Anathira mchere wotsina ndi zala ziwiri, katsabola, n'kufinyira ndimu pamwamba. "Ndimu, tsabola ndi adyo zimachititsa kuti lilime lisadandaule za mchere," anatero. "Tsiku lina m'malo mwa mafuta ikani supuni ya nsinjiro, koma osati zonse ziwiri. Tsiku lina sakanizani ndi usipa pang'ono kapena nyemba. Ndipo saladi ija mutha kupanga nokha, bola mutsuke kabichi ndi madzi otetezedwa, owiritsa kapena othira klorini."

A Lois anayang'ana mbaleyo mokayika. "Anthu akaona adzati sindidziwa kuphika."

"Anthu ake ndi ife," anatero a Japhet, atasamba kale m'manja popanda womuitana. Anatapa kamodzi, anatapa kawiri. "Alamu, ngati uku ndi kusadziwa kuphika, akazi anga abwere adzaphunzire kusadziwako."

A Potiphar anatapa pang'ono ngati munthu amene akuyesa kuya kwa mtsinje. Anatafuna. Onse anali kuwayang'ana, ndi mbuzi yomwe.

"Zilikoko pang'ono," anatero. Kenako anakokera mbale kwa iwo. "Aneba, kwanu kulibe ndiwo?"

Sikuti zonse zinayenda bwino tsiku limodzi. Bonongwe wotendera anamulandira. Khwanya wa usipa anapempha wina. Mabiringanya ootcha pamakala, othira tomato ndi anyezi, anawatcha kanyenya wa anthu ophunzira. Koma chisoso anachikana, ndipo anachikana mpaka kalekale. A Lois atakadandaula kuchipatala, Mayi Duwa anawauza kuti munthu sakakamizidwa kukonda tsamba lililonse la m'dziko muno. Akakonda mitundu inayi kapena isanu, n'kumasinthasintha, zakwana. Chofunika n'chakuti theka la mbale likhale masamba.

A Lois nawonso anayamba kudya zomwezo, chifukwa anaona kuti kuphika miphika iwiri, wina wa anthu wina wa wodwala, ndi kumene kunayambitsa ubale wa amuna awo ndi mbuzi. A Potiphar ankamwa mankhwala awo tsiku lililonse osadumphitsa. Chipisi ankadya kamodzi pamwezi, kambale kakang'ono, saladi yambiri. Anasinthanso njira ya kuntchito. Ankazungulira kuseri kwa tchalitchi kuti asadutse pa a Japhet, ndipo belu la njinga analimanga ndi kansanza. Njira yatsopanoyo inali yaitali, ya chitunda, ndipo inawathandiza kutuluka thukuta.

Miyezi itatu itakwana, anakaima pasikelo yomwe ija, nsapato ali chivalire. Makilogalamu awiri aja anali atapita, atatenganso anzawo atatu.

"Lero sikelo ili moyo?" anafunsa Mayi Duwa.

"Aikonza," anatero a Potiphar.

Dokotala wa kampani anawayeza kawiri. BP inali itatsika. Anawauza kuti asasiye mankhwala ndiponso azikayezetsa mwezi uliwonse, kenako anawalola kusaina kontirakiti. Tsiku lomwelo a Potiphar anaboola bowo latsopano palamba wa yunifomu ndi msomali.

Loweruka lotsatira Mayi Duwa anasonkhanitsa mabanja a m'deralo pabwalo la a Lois kuti aone kaphikidwe kaja. Wophika anali a Lois. Wolawa, mosapemphedwa, anali a Potiphar. Pomaliza Mayi Duwa anaimirira n'kunena kuti:

"Uthenga wanga ndi waufupi. Munthu akauzidwa kuti achepetse thupi kapena BP, chakudya chake chisasanduke chilango. Chakudya chosakoma sichichiritsa, chifukwa sichidyedwa. Funsani zimene munthuyo amakonda, muyambire pomwepo. Tsukani masamba musanadule. Madzi achepe, soda ayi, ndipo asakhalitse pamoto. Kometserani ndi tomato, anyezi, ndimu, tsabola kapena nsinjiro pang'ono, osati mchere ndi mafuta ambiri. Banja lonse lidye zomwezo. Ndipo inu odwala, ngati chakudya chakukanikani, nenani. Musanamize akazi anu, musanamize achipatala. Sikelo sinamizidwa."

Anthu anawomba m'manja. A Potiphar anawomba kuposa onse, kontena yobiriwira ili pamiyendo, akuikombeza okha ndi chala.

Kumpanda kunali a Japhet. Pambali pawo panaima mbuzi ija, nthiti zikuonekanso, maso ali pa kontena. A Japhet anakweza dzanja.

"Zonsezi ndamva, alangizi, ndipo ndi zabwino. Nanga mbuzi yanga idya chiyani?"