Msewu wa Atate a Anawa

Pachikwangwani analembapo dzina lina, koma mumzinda wa Zinder muno mukafunsa msewu wa dzina limenelo, anthu amangokuyang'anani kukamwa. Nenani kuti Msewu wa Atate a Anawa, ngakhale mlendo wofika dzulo akulozerani. Amene anayambitsa zimenezi ndi Hajiya Dije.

Amuna awo, Malam Tankari, anali osoka zikopa, munthu wosalankhulalankhula. Msewuwo ukadali mchenga wokhawokha, iwo anabzala mitengo ya nimu uku ndi uku, namaithirira ndi madzi osenzetsa bulu. Anthu ankawaseka: "Malam, kodi mbuzi zakulembani ntchito yozilimira ndiwo?" Mbuzi zinadyadi, iwo nabzalanso. Pamene ankamwalira, nthambi zinali zitakumana pamwamba, ndipo owaseka aja ndiwo ankaliza mkonono pansi pake dzuwa likaswa mtengo.

Ife tikhoza kulitchula dzinalo, popeza sitinakwatiwe nawo. Koma Hajiya Dije, chiloŵereni m'nyumba ya mkuluyo ali namwali, sanalitchulepo ngakhale kamodzi. Mkazi woleredwa bwino satchula dzina la mwamuna wake. Amati "eni nyumba", ana akabadwa amati "atate a anawa". Ngakhale tsiku limene anakangana mpaka kuswerana mtsuko, dzina silinawapulumuke pakamwa. Chimenechi ankachinyadira kuposa ndolo zagolide zimene anabwera nazo kuchokera ku mzinda woyera wa Maka.

Mwana wawo Mutari, amene anakaphunzira kunja n'kubwerako ndi jekete yosavula ngakhale kutenthe chotani, ndiye anayenda m'maofesi mpaka akuluakulu anavomera kuti msewu utchedwe dzina la bambo ake. Anafika pakhomo mano onse ali pamtunda.

"Amayi, Lachisanu tikatuluka mumzikiti kubwera akuluakulu a mzinda. Inu muvundukula nsalu pachikwangwani, kenako mulengeza dzina pachimkuzamawu."

"Dzina la yani?"

"La ababa."

"Iwe, kusukulu kuja anakuchotsa mutu n'kukuika chipanda? Ine nditchule?"

"Kamodzi kokha, amayi. Ndawalonjeza kale. Mukakana, ndiyenda bwanji m'tauni muno?"

Mnzawo woyandikana naye nyumba, Hajiya Gambo, amene ankatafuna mtedza woŵaŵa wa goro pamkeka, anaseka mpaka kutsamwa.

"Tchulani, anzanga, mwini wake sakumva! Ine wanga uja ndinkamutchula mumtima tsiku lililonse, n'kuwonjezerapo ndi maina ena."

"N'chifukwa chake anafa msanga," anatero Hajiya Dije.

Anayankha molimba choncho, koma nkhaniyo inawadya mumtima. Kumuchititsa manyazi Mutari pamaso pa akuluakulu kunali kumuvula pagulu, ndipo mwanayo ankamukonda. Nanga malemu aja, amene analoŵa m'manda ndi ulemu wawo wonse, awavule lero chifukwa cha chitsulo chopaka utoto?

Lachisanu anthu anadzaza msewu, mpaka ena kukwera m'mitengo momwemo. Ng'oma zinalira, akavalo ovekedwa nsalu anavina, olankhula analankhula mpaka malovu kuuma. Kenaka Mutari anawagwira dzanja mayi ake n'kuwaimika kutsogolo. Mayiwo anakoka chingwe, nsalu inagwa, anthu anawomba m'manja. Chimkuzamawu chinafika pakamwa pawo.

"Chonde, amayi," ananong'ona Mutari, thukuta lili kamukamu m'jekete muja.

Hajiya Dije anayang'ana masamba m'mwamba, nakonza mpango wawo mosafulumira.

"Mtendere ukhale nanu nonse. Zalembedwa apazi muŵerenge nokha, maso muli nawo. Chimene ndikudziŵa ine n'chakuti mitengo iyi anaithirira ndi atate a anawa, inu mukuwaseka. Msewu uno ngwa atate a anawa. Ndipo aliyense amene anapumapo pamthunzi uwu ndi mwana wawo. Ndatha."

Mutari anangoti maso pansapato zake. Amene anayamba kuvomereza ndi Hajiya Gambo, ndi nthungululu yoboola m'makutu, goro akadali m'kamwa. Amayi onse analandira. Mkulu wa mzinda, amenenso mayi ake sanatchulepo dzina la bambo ake, anaimirira akupukuta m'maso.

"Amayiwa anena zoona," anatero. "Inenso ndine mwana wawo. Ndikathaŵa sukulu ndinkabisala pansi pa mtengo uwo."

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo Mutari anapeza podzutsira mutu.

Dzinalo linayenda lokha. Anayamba ndi amayi kumsika, anyamata a njinga zamoto n'kutengera, mpaka apolisi omwe. Chikwangwani chinangotsala chomangirirapo abulu. Mutari zinamuŵaŵa ndithu, ndipo tsiku lina anawapeza mayi ake akupeta mapira pakhonde.

"Amayi, ndinatha nsapato m'maofesi kuti dzina la ababa limveke. Lero palibe ndi mmodzi yemwe amene akulitchula."

Hajiya Dije sanasiye kupeta, koma nkhope yawo inaŵala ndi chimwemwe.

"Ndiye ukudandaula chiyani, mwanawe? Kale ndinkawapatsa ulemu umenewu ndili ndekha. Lero mzinda wonse ukuopa kuwatchula dzina atate ako."