Mbendera ya Bambo Ake a Delaney

Mwezi wa Novembala uliwonse ana a giredi yachiwiri amaphunzira zizindikiro za dziko lathu: chiwombankhanga, belu lakale la ufulu long'aluka lija, chiboliboli cha mayi wonyamula muuni, ndi mbendera. Ine ndaphunzitsa zimenezi mpaka kumera imvi, kuno ku mapiri a Kentucky kumene mgodi wa malasha unatsekedwa kalekale. Masiku ano okhawo amene amabwera kudzalemba ntchito anyamata athu ndi asilikali.

Ndinauza ana kuti Lachinayi aliyense abweretse chinthu cha kunyumba chokhala ndi chizindikiro. Kunabwera zipewa ndi malaya. Waylon, mfiti ya mwana, anabwera ndi chitini cha mowa cha agogo ake chojambulidwa chiwombankhanga. Kenako Delaney Sizemore, kamtsikana kofatsa ka zaka zisanu ndi ziwiri, anasolola m'chikwama mbendera yopindidwa makona atatu, yoonekera buluu ndi nyenyezi zokha.

Kuno palibe amene saidziwa mbendera yopindidwa chonchi. Asilikali amaichotsa pabokosi la maliro a mnzawo, amaipinda mothina kuti chofiira cha m'mizere yake chisaoneke, n'kugwada kuipereka kwa mkazi wamasiye. Ikapindidwa yapindidwa, saitambasulanso.

"Amayi ako akudziwa kuti watenga?" ndinamufunsa.

"Ayi, Madamu. Anapita kuntchito kusanache. Ndikabweza asanafike."

Mayi akewo, Tamra, ndinamuphunzitsa m'kalasi yomweyi. Mwamuna wake, Dustin, anafera kunkhondo Delaney asanayambe n'kuyenda komwe. Chichokereni maliro, mbenderayo inkakhala pashelefu m'nyumba mwawo, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti Tamra amailonjera m'mawa ndi kuiuza zonse za tsikulo akaweruka. N'chokhacho chimene anatsala nacho. Ndinaiika pamwamba pa kabati, ndikupemphera kuti ibwerere kwawo mmene inabwerera.

Pa nthawi yopuma ndinatuluka ndi ana kubwalo. Nditaona kuti Delaney palibe, ndinabwerera m'kalasi. Mpando unali pafupi ndi kabati. Mbendera inali pansi, yotambasuka kuchokera pa desiki yanga mpaka pakhomo, ndipo mwanayo anagwada pakati pake akusisita mzere uliwonse. M'dzanja anafumbata makoko atatu a zipolopolo, aja amawalowetsa mkati mwa mbendera akatha kuwomba mfuti pamanda.

"Delaney, watani mwanawe?"

"Ndimafuna ndiwaone," anatero. "Amayi amati adadi ali m'menemu. Koma muli tizitsulo tokhatokhati."

Waylon anasuzumira pakhomo. "Iwe ndiwe wopepera eti? Munthu wamkulu angakwane m'kansalu?"

"Waylon, choka apa ndisanakukhaulitse," ndinatero. Koma mawu anali atalowa kale.

Ndinaitana Bambo Ritchie, mphunzitsi wa masewera, kuti agwire mbali inayo tiipindenso. Tinaika foni pa desiki n'kumatsanzira asilikali a m'kanema. Nsaluyo inali yaitali ndi yolemera, ndipo mikwingwirima yake yakale inkakana manja athu. Tikapinda, chofiira chinkatulukira pakona. Timasule, tiyambirenso, chimodzimodzi. Pomaliza inangotupa ngati pilo.

"Madamu, apa zavuta," anatero Bambo Ritchie akupukuta thukuta. "Ingowaimbirani amayi ake."

Tamra anafika atavala yunifolomu ya kusitolo kumene amagulitsa. Anaima pakhomo akuyang'ana chinthu chili pa desikicho. Bola akanandikalipira, koma sanatero.

"Tamra, pepa mwana wanga," ndinatero. "Madala a m'tauni muno amene anapuma usilikali akhoza kuipindanso bwinobwino. Ndiwapempha ndine."

"Madala ake ati, Madamu? Anamudziwa Dustin amenewo?" Ankalankhula motsitsa, ngati m'tchalitchi. "Amene anaipinda ndi anzake awiri amene anali naye kunkhondoko. Mmodzi tinamuika m'manda chaka chatha, mapilisi ndiwo anamupha. Winayo kaya ali kuti. Manja awo ndiye amene anali pamenepa."

Delaney anayandikira n'kutambasula dzanja, makoko aja ali pachikhatho.

"Amayi, adadi mulibemo. Ndafufuza ponseponse."

"Ndikudziwa, mwanangu."

"Nanga mumalankhula ndi ndani mukabwera kuntchito?"

Tamra analandira makokowo, anaponya m'thumba la yunifolomu momwe munali makiyi, ndipo anapanira mbenderayo kukhwapa ngati zovala zokachapa. Anatuluka chofiira chija chikulendewera, mwana akumutsatira pambuyo. Ndinakhala pakampando ka ana ndipo ndinalira, ine nkhalamba yonseyi.

M'mawa mwake phunziro linayenera kupitirira, pakuti buku silidziwa maliro. Belu litalira ana anaimirira monga mwa masiku onse, dzanja lamanja pamtima, kuyang'ana mbendera ya pakona kuti alonjeze kukhulupirika kwawo. Amalakatula mawuwo ngati nyimbo, theka lake osalimva n'komwe. Delaney anaimirira nawo, koma pakamwa panali potseka. Ndinafunsa ndi maso ngati kunyumba kuli bwino. Anapukusa mutu.

Titakhala pansi ndinayamba kufotokoza kuti nyenyezi iliyonse imaimira chigawo chimodzi cha dziko lathu. Ndinali ndisanamalize pamene Delaney anakweza dzanja, mwana amene sakweza dzanja chaka chonse.

"Nena, Delaney."

Analoza mbendera ya pakona ija.

"Madamu, imeneyo ikudikira adadi a ndani?"

Kalasi yonse inatembenukira kwa ine, kudikira yankho. Kutsogolo kwenikweni kunali Waylon ndi anyamata anzake, nsapato zomasuka zingwe, mano akutsogolo atagweruka. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo choko chinandithyokera m'manja.