Kompyuta ya Sesimani Kunyumba kwa Azakhali

Moni nonse owerenga, mtendere ukhale nanu. Ndikuthokoza Mulungu amene wandisunga pachilumba chathu chino cha Vava'u, nandipatsa ntchito yophunzitsa achinyamata makompyuta mu holo ya tchalitchi chathu.

Mwa ana onse amene ndawaphunzitsa, mtsikana wina dzina lake Sesimani ndiye anali wakuthwa mutu. Alongo ake anapita kukathyola zipatso ku Australia, iye n'kutsala akudwazika bambo ake, a Talaiasi, omwe matenda a shuga anawakhazika pansi. Kuchoka sakanachoka. Tsono kampani ina ya ku Auckland inalengeza ntchito yoti munthu azigwirira kwawo, bola akhale ndi kompyuta yakeyake ndiponso akhoze mayeso a pa intaneti. Kwa Sesimani, khomo linali lokhalo. Pomaliza maphunziro, mpingo unam'patsa kompyuta ya m'manja ngati mphoto, ndipo tinaimba mpaka mawu kusasa.

Lamulungu lotsatira titaweruka kutchalitchi, kunyumba kwa Sesimani kunafika a Kalolaine, mlongo wamkulu wa a Talaiasi. Ine ndinalipo, ndinali nditabweretsera odwala zilazi zowotcha. Azakhaliwo anakhala pampando, enafe pamphasa, ndipo maso awo anatera pa kompyuta ija.

"Iwe Sesimani, kachipangizo kakoka n'kokongola bwanji! Kodi n'komwe anthu amaonerana ndi akunja kaja?"

"Eya, azakhali."

"Ha! Ine mwana wanga Siosaia ku Amerikako ndimangomumva mawu ngati mzukwa. Kaya ananenepa, kaya anachita dazi."

Kwathu kuno mwambo wake ndi uwu. Mlongo wa bambo akayamikira chinthu chako, chinthucho chapita, sanenanso kawiri. A Talaiasi anazyolika, pakuti mwamuna satsutsa mlongo wake. Sesimani anaipukuta kompyutayo, anakulunga chingwe chake bwinobwino, n'kuyenda chogwada kukaiika pamiyendo pa azakhali.

M'mawa mwake, nditapemphera, ndinapita kwa a Kalolaine.

"Aphunzitsi, mwalawira chotere, mwabwera kudzandilanda? Nkhalamba ngati ine mundimenya?" anatero akuseka.

"Ayi mayi, ndine yani ine? Koma mwana uja ali ndi mayeso Lachinayi. Makompyuta a mu holo aja ndi akale, alibe kamera, ndipo eni ntchito akufuna azimuona polemba."

"Ndiye chavuta n'chiyani? Ine si mfiti. Ndikabweza, mudzi wonse uziti kwa Talaiasi amapatsa uku mtima ukuwawa. Mukufuna mlongo wanga achite manyazi ali pamphasa? Mwanayo abwere adzalembere kuno. Magetsi kuno sazimazima ngati kwawoko."

Ananena ndi mtima wabwino, ndipo ine ndinabwerera ndikuyamika Ambuye.

Lachinayi ndinamuperekeza Sesimani. Tinapeza amayi a gulu loluka mphasa adzaza pabalaza, popeza linali tsiku lawo lokumana kwa a Kalolaine. Mwana sangakhale pampando akuluakulu ali pansi, choncho Sesimani anakhala pakhomo la kuseri, kompyuta ili pamiyendo. Mayeso anayamba, nthawi n'kumawerengeka pakona pa galasi.

"Sesimani! Tiyi uja wafika pati?" anafuula a Kalolaine.

Ndinadzuka msanga. "Ndikonza ine, mayi."

"Aphunzitsi athunthu kukhitchini, mwana wa mlongo wanga alipo? Mukufuna anthu andiseke? Khalani pansi. Iwe, fulumira!"

Anapita. Atabwerako anayankha mafunso angapo, zala zikuthamanga ngati mvula padenga.

"Sesimani, tabweretsa masamba ali padzuwawo!"

"Ameneyu akwatiwa ndi kabokosiko," anatero mayi wina, onse n'kufa nacho chiseko. Nayenso anamwetulira, monga mwana woleredwa bwino.

M'nyumba ya azakhali mulibe mawu akuti dikirani. Anadzuka, anakhala, anadzukanso. Pomwe ankachokera kotsuka makapu, anapeza nthawi yatha, theka la mafunso lisanayankhidwe. Sanalire. Anaitseka kompyutayo, anaifunditsa kansalu, n'kukaiika pashelefu pomwe azakhali amaisunga. Ntchito ija eni ake anapatsa wina.

Titamaliza kuphunzira nyimbo za kwaya Loweruka, ndinamukokera Sesimani pambali.

"Mwanawe, ndikauze abusa? Mwina iwo angawalankhule."

"Chonde aphunzitsi, musatero. Mukuwaona bambo mmene alili. Tsiku lawo likadzafika azakhali atakwiya, adzakhale kumutu kwa maliro ndani? Bambo adzapite ngati munthu wopanda mlongo?"

Malemba amatiphunzitsa kulemekeza akulu, amatiphunzitsanso kusakwirira luso lomwe tapatsidwa, ndipo ine mpaka lero sindidziwa kuti mwanayu akanamvera ziwirizi bwanji.

Masiku ano akasambitsa bambo ake, amapita kwa azakhali kukawayatsira kompyuta. A Kalolaine amaona Siosaia wawo, amaseka, amalira, amadalitsa Sesimani pomutchula dzina. Iye amakhala pakhomo paja kudikira kuti azimitse, kenako amabwerera kukaphikira odwala.

Inu amene mwawerenga, mum'kumbukire m'mapemphero. Ambuye amene amaona okhala pakhomo la kuseri akusungeni, akutsegulireni njira pomwe maso anu sakuiona, ndipo ntchito ya manja a ana anu aidalitse. Amen.