Dzanja Kaye

Pasukulupo ankawatchula kuti Mayi Dzanja, chifukwa m'kalasi mwawo munali lamulo limodzi lokha: usanayankhe, kweza dzanja, udikire akuloze. Ngakhale mwana wofuna kupempha labala ankayamba wakweza dzanja. Iwo ankanyadira nazo zimenezi.

Tsiku lina kunabwera matabuleti, koma ongokwanira kalasi imodzi. Makalasi a ana oyamba anali awiri: ya Mayi Dzanja ndi ya Bambo Phokoso, omwe ana awo ankamveka mpaka kumsewu. Ahedi anati mayi wa kubungwe lomwe labweretsa matabuletiwo ayesa makalasi onse awiri, ndipo komwe ana agwiritse bwino ntchito ndi komwe atsale.

"Madamu, mungondisiyiratu," anatero Bambo Phokoso pakhonde. "Ana anu aja amapuma mukawaloleza."

"Inu anu adzaswa magalasi tsiku lomwelo, achimwene," anayankha Mayi Dzanja. Koma mumtima ankawafuna kwambiri matabuletiwo. Mabuku m'kalasi mwawo anali atatha ngati masanza.

M'mawa wa tsikulo ana anakhala pansi m'mizere, aliyense tabuleti pamiyendo, mahedifoni kumakutu. Mayi wa kubungwe anayatsa onse n'kukaima kumbuyo. M'matabuletimo mawu anafunsa kuti, "Kodi chilembo 'a' ndi chiti? Chigwire ndi chala."

Manja onse m'mwamba, nji!

Palibe anagwira galasi. Ana anangoti duu, maso patabuleti, kudikira kuti iwaloze. Tabuleti inafunsanso. Manja anakwera kwambiri, ena mpaka kugwada kuti awonekere.

"Kodi sakuchidziwa chilembocho?" ananong'ona mayi wa kubungwe.

"Akuchidziwa bwinobwino!" anatero Mayi Dzanja, thukuta kamukamu. Anayamba kuthamanga m'mizere. "Iwe, yankha! Nawenso! Iwe wa kukhomawe, gwira!"

Aliyense wolozedwa ankagwira 'a' mosaphonya. Koma tabuleti ikangoti "Wakhoza!" inkafunsa funso lina, dzanja n'kubwereranso m'mwamba. Pamene Mayi Dzanja ankafika mzere womaliza, woyamba uja unali utayambanso kudikira. Nsapato imodzi inawavuka pafupi ndi bolodi, sanaitole n'komwe.

Pawindo panatulukira mutu wa Bambo Phokoso. "Madamu, ndikubweretsereni njinga?"

Mayi Dzanja anaima, akupumira m'mwamba. Anawomba m'manja, ana n'kuvula mahedifoni.

"Ana inu, tamverani. Tabuletiyi musamaidikire. Ingoyankhani."

Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanakweza dzanja. Atakaloza kanati, "Madamu, mukutiyesa eti? Tikayankha mutiimika kukhoma."

Anzake onse anagwedeza mitu movomereza. Amawadziwa madamu awo.

Mayi wa kubungwe anayang'ana wotchi. Mumtima, Mayi Dzanja anaona matabuleti akupita kwa Bambo Phokoso iwo ali maso. Anatembenukiranso kwa ana.

"Chabwino, lamulo silinathe. Dzanja kaye!" Manja anakwera. "Tsono tamverani. Tabuleti ilibe chala cholozera, ndiye ikafunsa, ndiye kuti yakuloza kale iweyo. Dzanja likakwera, litsike lokha, chala pa yankho. Tiyeni!"

Zimenezo ana anazimvetsa. Dzanja m'mwamba, chala pagalasi. Dzanja m'mwamba, chala pagalasi. Kalasi yonse inkangooneka ngati nkhuku zikujompha. Mayi wa kubungwe anaseka mpaka kutsamira chitseko, koma atazungulira anapeza ana ambiri afika kale pa chilembo 'e'.

Atapita nawo matabuletiwo kwa Bambo Phokoso, mayiyo sanakhalitseko. Ana atatu ankalimbirana tabuleti imodzi pomwe ena awiri anali kujambulana malilime.

Masana ahedi anaitana aphunzitsi awiriwo. Anati matabuleti atsala kwa Mayi Dzanja, koma ana a kalasi inayo azibwera kudzaphunzira nawo Lachisanu.

"Komatu ahedi, ine ndimati..." anayamba Bambo Phokoso.

"Achimwene," anatero Mayi Dzanja, akuvala bwino nsapato ija, "dzanja kaye."