Makutu a Nichifor Woimba Belu

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Anghelina, wogulitsa tchizi pamsika wa m'tauni ya Sighet, tsiku lina basi itandisiya. Nichifor anali msuweni wawo.

Akuti mawu anayamba kumuvuta ali ndi zaka makumi awiri. Anali amuna awiri, wina kuseri kwa khutu lamanzere, wina m'khoma. Ankamukambirana ngati iye palibe: taona kagwiridwe ka supuni, chitsiru ichi, bwanji osangodziponya m'chitsime. Mapiritsi ankangowachepetsa. Chowatseka pakamwa chinali belu la tchalitchi basi, nchifukwa chake wansembe anamupatsa ntchito yoliimba.

Kwathu kuno, anatero mayi Anghelina, belu la maliro timaliwerenga. Likalira maulendo awiri, wamwalira mkazi. Atatu, mwamuna.

Lachinayi lina masana, chipale chofewa chitagwa, mawu aja anamukalipira kuposa kale. Anathamangira kunsanja ya belu nakoka chingwe mpaka manja kulema. Atapuma, anthu ake aja anayambiranso. Anakokanso, napuma, nakokanso.

M'mudzimo munalibe wodwala. Mwamuna amene sanali pakhomo anali Toader yekha, yemwe ankadula mitengo kuphiri. Mkazi wake Paraschiva, woyembekezera wa miyezi isanu ndi umodzi, atawerenga katatu anatuluka chothamanga wopanda mpango, naterereka pamlatho. Anapita padera.

M'mawa mwake Toader anatsika wamoyo. Iye ndi mng'ono wake Gavrila anamupeza Nichifor akusesa chipale pakhomo la tchalitchi. Toader anamufunsa ngati ankafuna kumuika m'manda akupuma, ndiponso ngati anzake a m'khoma aja ndiwo anamutuma.

"Achimwene, sindinawerenge," anatero Nichifor. "Ndimangofuna akhale chete."

"Usavutike, tiwatontholetsa ife," anayankha Gavrila.

Gavrila anamugwira manja kumbuyo. Toader anamuwomba makofi m'makutu onse awiri nthawi imodzi, kambirimbiri, kenako anatenga mpini wa nkhwangwa. Magazi anatuluka m'makutu nkudontha pachipale. Anthu ankaonera m'mawindo, palibe anatsegula chitseko.

Nichifor anakhala kuchipatala masabata atatu, nabwerako wogontha. Asanalowe nkomwe m'nyumba anakwera kunsanja nakoka chingwe. Matabwa ananjenjemera pansi pa mapazi ake, nkhunda zinabalalika, koma belu sanalimve. Amuna awiri aja anawamva bwinobwino, akuseka. Mayi Anghelina akuti anamudikira pansi pa makwerero, ndipo atatsika anawauza mokweza, monga amayankhulira ogontha:

"Mlongo, tsopano atsala okha."

Chingwecho sanachigwirenso.

Ineyo miyendo yanga siikhazikika, ndiye nditamva nkhaniyi, chilimwe chotsatira ndinakafika m'mudzimo. Nichifor sindinamupeze, anali atagonekedwanso kuchipatala. Toader, nkhalamba tsopano, anandithirira kachasu wa zipatso za maplamu, nanena kuti munthuyo anagwa yekha pamakwerero ataledzera. Zimenezo sindinazikhulupirire. Koma za mayi Anghelina nazonso ndimazikayika pena pake, chifukwa anandifotokozera khofi lililonse ngati analipo, ndipo nditawafunsa kumene anaima m'mawa umenewo, anangoyamba kukonza tchizi patebulo.